Doula ndi zosankha za mayi pobereka: mafunso ndi mayankho

Mayi akatenga pakati, zosankha zimamuchulukira kuposa mmene ankaganizira. Akachirire kuti? Alowe ndi ndani m'chipinda choberekera? Alandire mankhwala ochepetsa ululu kapena ayambe wapirira? Masiku akapitirira, avomere kuti amuyambitsire matenda kapena adikire kaye? Zina mwa izi amakhala ndi miyezi yoziganizira mtima uli m'malo. Zina zimamupeza pakati pa usiku, ululu uli pachimake, namwino ataima pambali pa bedi ndi pepala loti asayine. M'munsimu muli mayankho a mafunso amene amayi, amuna awo ndi achibale amafunsa kawirikawiri pa za mmene doula amathandizira pa nthawi ngati zimenezi.

Kodi doula ndi ndani?

Ndi munthu, kawirikawiri mayi, amene anaphunzira ntchito yoperekeza mayi woyembekezera. Amacheza naye pakati pakamakula, amakhala naye osachokapo kuyambira pamene matenda ayamba mpaka atachira, ndipo ena amapitiriza kumuyendera masabata oyambirira mwana atabadwa. Amasisita msana, amagwiriziza mayi poyenda, amamukumbutsa kumwa madzi ndi kapumidwe koyenera, amamulimbitsa mtima. Mbali imene tikhalepo kwambiri pano ndi ina: amathandiza mayi kupeza ndi kumvetsa zomwe akufunika kudziwa asanavomere kapena kukana chinthu.

Mawu oti doula ndi a Chigiriki, ndipo kale ankatanthauza mkazi wotumikira. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Dana Raphael, ndiye anawapatsa tanthauzo latsopano cha m'ma 1970 polemba za amayi amene amathandiza anzawo ongochira kumene, makamaka pa kuyamwitsa. Bungwe lophunzitsa madoula la DONA linayamba mu 1992 ku United States, ndipo mwa oliyambitsa munali madokotala a ana awiri, Marshall Klaus ndi John Kennell, pamodzi ndi mphunzitsi wa za uchembere Penny Simkin. Ku Britain, bungwe la Doula UK linayamba mu 2001.

Akusiyana pati ndi mzamba kapena namwino?

Mzamba ndi wachipatala. Amamvetsera mtima wa mwana, amayeza mmene njira yatsegukira, amapereka mankhwala, amalandira mwana, ndipo china chikalakwika amafunsidwa ndiye. Doula sachita chilichonse mwa izi. Sapima, sapereka mankhwala, sanena kuti vuto lanu ndi lakutilakuti. Kusiyana kwina n'kwakuti mzamba amayang'anira amayi angapo nthawi imodzi, ndipo nthawi yake ikakwana amaweruka n'kubwera wina amene simunamuonepo. Doula ali ndi inu nokha, ndipo munadziwana kale.

Ndikathedwa nzeru, kodi doula angandisankhire chochita?

Ayi. Ndipo akayamba kukusankhirani, ndiye kuti wasiya ntchito yake.

Amayi ena zimawakhumudwitsa akamva zimenezi koyamba, chifukwa ululu ukafika pena munthu amangofuna wina anene kuti "chitani ichi" zithe. Koma taganizirani: thupi loti licheke ndi lanu, chipsera chidzakhala pamimba panu, mwanayo mukamulera ndinu, ndipo mimba yotsatira, ngati mudzaifune, idzadalira zomwe zachitika lero. Doula akapita kwawo, zotsatira zonse zimatsala ndi inu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Palinso chifukwa china chosavuta kumvetsa: doula sanaphunzire udokotala, choncho akamanena kuti mulandire kapena mukane chithandizo china, akulankhula zinthu zomwe alibe nazo ukatswiri, ndipo sangayankhe mlandu wake.

Ndiye ngati sasankha, akuthandiza chiyani?

Funso limeneli ndi mtima wa nkhani yonse. Kusankha bwino kumafuna zinthu zitatu: kudziwa, nthawi ndi mtima wokhazikika. Chipinda choberekera chimalanda zonse zitatu. Achipatala amalankhula mawu a ntchito yawo, mofulumira, ali ndi amayi ena owadikira. Mayi wagona chagada, wavula, watopa, ndipo amene akulankhula naye waima chilili atavala yunifolomu. Munthu wolimba mtima, amene pa ntchito yake amatsutsana ndi mabwana osaopa, pamenepa amangoti "chabwino adokotala" asanamve n'komwe chomwe wavomera.

Doula amabwezera mayi zinthu zitatu zija. Ntchitoyi imayamba matenda asanayambe. Pa maulendo a nthawi ya pakati amakambirana zomwe zimachitika pobereka, njira zomwe achipatala amagwiritsa ntchito ndi zifukwa zake, kuti mawu ngati diripi yoonjezera matenda, kuswa nsupa, kuonjezera njira (kucheka pang'ono pakhomo pa njira yotulukira mwana) kapena vakyumu (kachipangizo kokokera mutu wa mwana) asadzamveke koyamba pa tsiku lobereka. Amafunsanso mafunso amene mwina palibe anakufunsanipo. Chomwe mukuopa kwambiri n'chiyani? Ululu, mpeni, kusiyidwa nokha, kapena kuchitidwa zinthu osauzidwa? Mukapanikizika, mumafuna kuuzidwa zonse mwatsatanetsatane kapena mwachidule? Mumakonda kugwiridwa dzanja kapena kukhudzidwa kumakusowetsani mtendere? Mayankho ake amasiyana kwambiri. Mayi amene anavutika maola ambiri pa mwana woyamba n'kutheka kuti chomwe akufuna ndi kuchepetsa ululu msanga. Wina amene anachitidwapo nkhanza amaopa kupimidwa kumusi kuposa ululu weniweniwo.

Tsiku likafika, thandizo lake limaoneka laling'ono kwa woonera patali. Tiyerekeze kuti mzamba walowa n'kunena kuti matenda akuchedwa, ndiye aika diripi. Doula amayandikira n'kufunsa motsitsa mawu: "Amayi, mwamva zomwe anena anamwino? Pali chomwe mukufuna kuwafunsa asanayambe?" Basi. Mawu ochepawa akumbutsa mayi kuti chomwe wamva ndi langizo loti aliyankhe, akumbutsanso mzamba kuti yankho silinaperekedwe. Mayi akafuna kuganiza, doula angamukumbutse kuti ali ndi ufulu wopempha mphindi zochepa kuti akambirane ndi mwamuna wake. Ngati ululu wabwera nkhani ili mkati, amapempha kuti adikire ululuwo udutse kaye, chifukwa palibe amamva malongosoledwe m'mimba mukupotokola. Kenako mayi amayankha yekha, ndi pakamwa pake.

Pali mafunso ena amene madoula amaphunzitsa amayi kufunsa. Ndi ati?

Alipo asanu, ndipo m'Chingerezi amawakumbukira ndi zilembo zoti BRAIN. Loyamba: chithandizochi ubwino wake ndi wotani kwa ine ndi kwa mwana? Lachiwiri: kuopsa kwake n'kotani, ndipo kumachitika kangati? Lachitatu: pali njira ina? Lachinayi silipita kwa dokotala koma kwa inu eni: mtima wanga ukuti chiyani? Lachisanu: tikapanda kuchita kalikonse panopa, tikadikira ola limodzi kapena tsiku limodzi, chingachitike n'chiyani?

Ine ndimaona kuti lachisanu ndi lomwe limatsegula zambiri. Yankho lake limakuuzani ngati nkhaniyo ndi yadzidzidzi kapena ayi. Dokotala akati "tikhoza kuonananso pakatha maola awiri", mwadziwa kuti mpata ulipo. Akati "mtima wa mwana watsika ndipo sukubwerera, tilibe nthawi", mwadziwanso pomwe zinthu zafika. Lachinayi lija ndi lofunika kusamala nalo. Mtima umanena zoona pa zomwe mumaziona kuti n'zofunika pa moyo wanu, koma suyeza kuthamanga kwa magazi. Mayi akhoza kumva kuti ali bwinobwino pamene magazi akuthamanga moopsa.

Kusayina pepala la chipatala si ndiye kuvomereza kumene?

Siginecha ndi umboni chabe woti kukambirana kunachitika. Kuvomereza kwenikweni kumafuna kuti munthu auzidwe chomwe akufuna kumuchita, chifukwa chake, kuopsa kwake ndi njira zina, m'chilankhulo chimene akumva, ndiponso kuti akhale womasuka kukana. Akhozanso kusintha maganizo atavomera kale.

Mlandu wina wa ku Scotland umaonetsa bwino nkhaniyi. Nadine Montgomery anali mayi wamfupi, wodwala shuga, ndipo anali ndi pakati pa mwana wamkulu thupi. Kwa amayi otero pamakhala chiopsezo cha pafupifupi 9 kapena 10 pa 100 choti mapewa a mwana akakamira mutu utatuluka. Dokotala wake sanamuuze, poganiza kuti akamuuza apempha opaleshoni, yomwe iye ankaiona kuti siyofunika. Mu 1999 mapewa anakakamiradi, ndipo mwanayo analumala ubongo chifukwa chosowa mpweya. Mu 2015 khoti lalikulu la dziko la United Kingdom linagamula kuti dokotala ayenera kuuza wodwala chiopsezo chilichonse chimene munthu wanzeru zake, atakhala m'malo a wodwalayo, angachione kuti n'chachikulu, pamodzi ndi njira zina zomwe zilipo. Si dokotala yekha amene amayeza chomwe wodwala ayenera kudziwa.

Vutoli si la dziko limodzi. Kafukufuku wotsogozedwa ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya The Lancet, anachitika m'zipatala za ku Ghana, Guinea, Myanmar ndi Nigeria. Mwa amayi amene ofufuza anaona akuonjezeredwa njira, pafupifupi atatu mwa anayi alionse sanafunsidwe. Pamene WHO yomweyo, m'malangizo ake a 2018, imanena kuti kuonjezera njira kusamachitike mwachizolowezi kwa mayi aliyense.

Kodi doula amandilankhulira kwa achipatala?

Apa madoula eni ake samvana kwenikweni. Mabungwe ambiri amaphunzitsa kuti doula asalankhule m'malo mwa mayi, koma amuthandize kudzilankhulira. Chifukwa chake n'chomveka: achipatala amafunika kumva kuchokera kwa mwini thupi, ndipo doula akamayankha mafunso opita kwa mayi, ndiye kuti wawonjezera munthu wina womulanda mawu. Ena, makamaka amene amagwira ntchito ndi amayi onyozeka, monga osauka, achitsikana, othawa kwawo kapena osamva chilankhulo cha pachipatalapo, amati kungokhala chete pamene mayi akuponderezedwa n'kumutaya.

Pakati pa mbali ziwirizi pali njira imene ambiri amatsata. Doula amanena mokweza chomwe akuona, akulankhula ndi mayi koma aliyense akumva: "Amayi, ndikuona adokotala atenga lumo, zikuoneka kuti akufuna kuonjezera njira. Munanena kuti mukufuna mufunsidwe kaye." Sanaletse dokotala, sanatsutse ukatswiri wake, koma chinthu chimene chikanachitika mwakachetechete chayamba chadutsa kwa mwini wake.

Nanga pepala lija lolembapo zofuna zanga pobereka, lili ndi ntchito?

Lili nayo, koma osati imene ambiri amaganiza. Kubereka sikutsata pepala. Phindu lalikulu limapezeka polilemba, chifukwa kuti mulembe mzere umodzi wokha, monga woti mwana aikidwe pachifuwa panu atangobadwa kapena woti mchombo usadulidwe msanga, mumayamba mwafunsa chifukwa chake. WHO imalangiza kuti pasanathe mphindi imodzi mchombo usamangidwe, pokhapokha mwana akufunika thandizo lachangu. Imalangizanso kuti mayi wopanda chovuta aziloledwa kuyenda, kudya ndi kumwa matenda ali mkati. Kudziwa zimenezi kumakupatsani poyambira pokambirana ndi achipatala ku sikelo, nthawi ikadalipo.

Doula wabwino amaonetsetsa kuti pepalalo ndi lalifupi, loti mzamba wotanganidwa aliwerenge kamodzi, ndiponso kuti lili ndi mbali ya "zikasintha". Ngati pangafunike opaleshoni, mukufuna alowe nanu ndani? Mwana akatengedwa kupita ku chipinda cha ana odwala, amutsatire ndani? Mayi amene anaganizirapo zimenezi sagwa mphwayi kwambiri zikafika.

Ndikasankha chinthu chimene doula sakugwirizana nacho?

Ayenera kukuthandizani ndi mtima wonse chimodzimodzi. Pali maganizo ofala oti doula ndi wa amayi okhawo ofuna kubereka popanda mankhwala, ndipo kunena zoona madoula ena ndi amene anawafalitsa. Ambiri analowa ntchitoyi chifukwa cha zomwe zinawachitikira iwo eni pobereka, zabwino kapena zowawa, ndipo munthu savuta kuyamba kufunira anzake zomwe iye anazisowa. N'chifukwa chake maphunziro abwino a madoula amatenga nthawi kuthandiza wophunzira kuzindikira mabala ake, kuti asadzawasenzetse mayi wina.

Ngati mwasankha jakisoni wa pamsana wotchedwa epidural, doula amakuthandizani kukhala osagwedezeka pobayidwa, kukutembenuzani pabedi pambuyo pake, ndi kukukonzekeretsani nthawi yokankha. Ngati mwasankha opaleshoni, amakufotokozerani zomwe mukaone m'chipindamo ndipo amakudikirani potuluka.

Pali kachinthu kena kovuta pamenepa. Mayi ananena ali pakhomo kuti sakufuna mankhwala a ululu, koma njira itafika masentimita 7 akulira kuti amubaye. Doula amvere uti, wa dzulo kapena wa lero? Ambiri amapangana ndi mayi pasadakhale. Ena amagwirizana mawu achinsinsi: mayi akangodandaula, doula amamulimbikitsa kuti apirire ululu wina umodzi kapena asinthe mmene wakhalira kapena wagonera, koma akatchula mawu aja, zokambirana zatha, aitane namwino. Ndi njira yabwino chifukwa malamulo ake anaika ndi mayi mwiniyo mutu uli bwino. Koma ngakhale popanda pangano lotero, mayi akapempha momveka, wapempha. Kumuchedwetsa dala mpaka nthawi ya jakisoni itadutsa ndi chinyengo.

Kodi doula angandiuze maganizo ake ndikamufunsa kuti "inu mukanatani"?

Ambiri amazemba funsoli, ndipo si mwano. Amadziwa kuti pa nthawi imeneyo mawu awo ndi olemera, moti mayi akhoza kungotsatira kuti asamukhumudwitse. Kawirikawiri amabweza funso: "Pa njira ziwirizi, ndi iti imene ikukusowetsani mtendere kwambiri? Chifukwa chiyani?" Nthawi zambiri mayi akamayankha amapeza kuti anasankha kale, amangofuna womumvetsera.

Ziwerengero za madokotala zimandisokoneza. Doula angathandize bwanji?

Angakuthandizeni kupempha kuti ziwerengerozo zinenedwe m'njira yomveka. Mawu oti "chiopsezo chiwirikiza kawiri" amaopsa, koma kuchoka pa 1 kufika pa 2 mwa amayi 1,000 n'kosiyana kutali ndi kuchoka pa 10 kufika pa 20 mwa amayi 100. Funso labwino ndi loti: mwa amayi 100 kapena 1,000 onga ine, zimachitikira angati?

Titenge mayi amene anachitidwapo opaleshoni kamodzi ndipo akufuna kuyesa kubereka kudzera njira ya chibadwa. Bungwe la madokotala a za uchembere ku Britain, RCOG, limati pafupifupi atatu mwa anayi amene amayesa zimawayendera, ndipo chiberekero chimang'ambika pachipsera kwa pafupifupi mmodzi mwa 200. Mayi wina akamva "mmodzi mwa 200" amati n'zochepa, ayesa. Wina amati mmodziyo akhoza kukhala iye, ndipo amasankha opaleshoni. Onse awiri aganiza bwino. Wofuna ana ambiri amayezanso kuti opaleshoni iliyonse yowonjezera imakulitsa chiopsezo choti nsengwa idzamere molakwika pa mimba zam'tsogolo. Komanso chiwerengerocho chimayenda limodzi ndi funso lina: chipatala chimene mukachirireko chingathe kuchita opaleshoni mwachangu zitavuta?

Chitsanzo china ndi kafukufuku wa ARRIVE wa mu 2018 ku United States, amene anakhudza amayi pafupifupi 6,100 a mimba yoyamba opanda chovuta. Mwa amene anakonzedwa kuyambitsidwa matenda pa masabata 39, pafupifupi 19 pa 100 anachitidwa opaleshoni. Mwa amene anadikira, pafupifupi 22 pa 100. Kusiyana kulipo, koma sikukulamula kuti mayi aliyense ayambitsidwe matenda. Wina aona kuti atatu pa 100 ndi phindu lokwanira, wina aona kuti kukhala maola ambiri m'chipatala ali pa diripi n'kolemera kuposa phindulo. Doula sakuuzani kuti kafukufukuyu akutanthauzanji pa mimba yanu. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala amene wakupimani. Iye amakuthandizani kupita kwa dokotalayo muli ndi mafunso akuthwa. Paja safunsa anadya phula.

Bwanji ngati ndikufuna kukana zomwe dokotala walangiza?

M'mayiko ambiri, munthu wamkulu amene mutu wake ukuyenda bwino ali ndi ufulu wokana chithandizo, ndipo kukhala ndi pakati sikuchotsa ufuluwo. Bungwe la madokotala a za uchembere ku United States, ACOG, linanena mu 2016 kuti kukana kwa mayi woyembekezera kuyenera kulemekezedwa ndipo kumukakamiza kapena kumuopseza n'kosayenera.

Koma kukana nakonso kumafuna kudziwa, monga mmene kuvomera kumafunira. Apa ndi pamene doula weniweni amasiyana ndi wongosangalatsa kasitomala. Sakuwomberani m'manja kuti mwalimba mtima. Amafunsa ngati mwamvetsa zomwe dokotala akuopa, ngati mungathe kuzibwereza m'mawu anu, ngati mukufuna kumva maganizo a dokotala wina, ndiponso ngati pali njira yapakati, monga kudikira koma mukubwera kudzapimidwa pafupipafupi. Amayesetsa kuti chitseko pakati pa inu ndi achipatala chisatsekeke, chifukwa mayi amene wakangana ndi chipatala n'kuchoka atakwiya amachedwa kubwerera zinthu zikavuta. Ndipo doula ali ndi malire ake. Ambiri savomera kukhala pa kubereka kumene kwakonzedwa dala kuti kuchitike popanda mzamba kapena wachipatala aliyense, chifukwa pamenepo aliyense amayang'ana kwa iye ngati mzamba, pamene iye si mzamba.

Zikachitika zadzidzidzi, nthawi ya mafunso onsewa imapezeka?

Nthawi zina ayi. Magazi akamatuluka kwambiri, mayi akayamba kukomoka, mchombo ukatsogola, achipatala amafunika kuthamanga, ndipo doula wanzeru amapatuka kuti asawatsekereze. Amapita kumutu kwa bedi, pafupi ndi khutu la mayi, n'kumamuuza mwachidule zomwe zikuchitika: anthu achuluka chifukwa akufuna kuletsa magazi, jakisoni amene akukubayani ndi wothandiza chiberekero kukhwinyata, mwana ali ndi bambo ake. Ngakhale pa changu chotere, dokotala amatha kunena mawu awiri n'kumva "inde". Zadzidzidzi zenizeni ndi zochepa poyerekeza ndi zosankha zonse za pobereka. Zambiri zimalola mphindi zisanu.

Mwamuna wanga kapena achibale akafuna zosiyana ndi zanga, doula amaima mbali iti?

Amaima ndi mayi, ngakhale amene anamulemba ntchito kapena kumulipira atakhala wina. Izi ndi bwino kuzinena poyera pa kukumana koyamba. Sikuti amakankhira mwamuna kumbali. Abambo ambiri amaumirira chinthu chifukwa cha mantha, poona mkazi wawo akuvutika iwo alibe chochita. Doula amawapatsa chochita: kugwira apa, kusisita apa, kufunsa funso lakuti kwa adokotala. Amawafotokozeranso kuti kubuula ndi kunjenjemera kumene akuona ndi mbali ya matenda, si chizindikiro choti zalakwika. Mantha akatsika, kukakamiza kumatsikanso.

Zimavuta kwambiri pamene mayi sayankhula momasuka wachibale wina ali pomwepo. Doula amene wazindikira zimenezi amapeza mpata woti akhale awiri, mwina poperekeza mayi kubafa, n'kumufunsa: "Zimene zavomerezedwa zija, ndi zimene inuyo mukufuna?"

Pali umboni woti kukhala ndi doula kumasinthadi zinthu?

Ulipo. Kafukufuku woyamba wodziwika anachitika ku Guatemala ndipo anatuluka mu 1980; Klaus ndi Kennell aja anali m'gulu la ofufuza. Anali wa amayi ochepa, koma zotsatira zake zinadabwitsa: amene anali ndi mayi wowaperekeza anachira patatha pafupifupi maola 9 chifikireni kuchipatala, pamene amene anali okha anatenga maola oposa 19. Mu 2017 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika ndi kusonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linaphatikiza kafukufuku 26 wa m'mayiko 17, wokhudza amayi oposa 15,000. Linapeza kuti amayi amene anali ndi wowathandiza wosachokapo ankachitidwa opaleshoni mocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, matenda awo ankafupika ndi mphindi pafupifupi 40, ankafuna mankhwala a ululu mocheperapo, ndipo ochepa ankakumbukira kubereka kwawo ndi mtima wowawa. Mu 2018 WHO inalangiza kuti mayi aliyense aloledwe kukhala ndi womuperekeza amene wamusankha yekha pa nthawi yonse yobereka.

Chenjezo lake ndi ili: ziwerengerozi ndi za gulu. Sizilonjeza kuti inuyo mukakhala ndi doula simuchitidwa opaleshoni, ndipo doula wolonjeza zimenezo akukunamizani.

Ndingamudziwe bwanji doula amene angalemekeze zosankha zanga?

Mufunseni za mayi amene anasankha zosiyana ndi zomwe iye akanakonda, ndipo mumvetsere kamvekedwe ka mawu ake pofotokoza. Mufunseni kumene anaphunzira, chifukwa m'mayiko ambiri dzina loti doula silitetezedwa ndi lamulo ndipo aliyense akhoza kudzitcha choncho. Mufunseni mmene amakhalira ndi azamba ndi madokotala. Amene amanena za achipatala ngati adani, amene amakuuzani kuti musiye mankhwala kapena mujombe ku sikelo, amene amafuna kukupimani njira kapena kukupatsani zomwa zofulumizitsa matenda, amene pa funso lililonse yankho lake limayamba ndi "ine pa mwana wanga", ameneyo musiyeni. Mukatuluka pa kucheza koyamba mukumva kuti mwalankhula kwambiri ndinu, ndi chizindikiro chabwino.

Mwana akabadwa, ntchito yothandiza posankha yatha?

Ikupitirira. Pali kuyamwitsa ndi zovuta zake, kagonedwe ka mwana, alendo, nthawi yobwerera ku ntchito, njira zolera. Doula wa pambuyo pobereka amachita zomwezo: amapereka zomwe zikudziwika, amakulozerani kwa wachipatala pamene pakufunika, monga mukamataya magazi ambiri, mukatentha thupi, mutu ukamawawa kwambiri kapena chisoni chikakana kuchoka patatha masabata awiri, ndipo zotsalazo amasiyira inu.

Amathandizanso pa chinthu chimene anthu sachiganizira: kukumbukira. Mayi amene zinthu sizinayende monga ankafunira amayamba kudzifunsa kuti mwina akanakana, mwina akanavomera msanga. Doula analipo, anaona nthawi, anamva zomwe zinanenedwa. Akhoza kumuuza kuti pa ola lakuti munafunsa funso lakuti, adokotala anayankha chakuti, ndipo munasankha malinga ndi zomwe zinkadziwika pa nthawiyo. Ngati pali chomwe sichinamveke, angamuthandize kupempha kuti akakumane ndi achipatala n'kuona zomwe zinalembedwa m'faelo yake.

Kumene ndili kulibe madoula, kapena sindingakwanitse kumulipira. Nditani?

Zambiri mwa zimene tafotokozazi angathe kuchita mchemwali wanu, mnzanu, mayi anu kapena mwamuna wanu, bola akonzekere. Kafukufuku wa Cochrane uja anapezanso phindu pamene woperekeza anali wachibale kapena mnzake wa mayi. Sankhani munthu wodekha, amene sachita mantha ndi magazi kapena yunifolomu, ndipo amene amatha kusunga maganizo ake m'thumba. Pitani naye ku sikelo kamodzi kapena kawiri. Muuzeni zinthu zitatu zomwe mukuzifuna kwambiri ndi chimodzi chomwe mukuchiopa. Mulembereni mafunso asanu aja pa kapepala kapena mufoni. Funsaninso kuchipatala pasadakhale ngati amalola woperekeza kulowa m'chipinda choberekera ndiponso m'chipinda cha opaleshoni, chifukwa malamulo ake amasiyana chipatala ndi chipatala, ndipo m'zipinda zimene amayi angapo amaberekera pamodzi nthawi zambiri amalola woperekeza wamkazi yekha.